Mkazi wa Ambulera Pakhoma la Amayi

Osaka, Japan
2 Marichi

Okondedwa amayi, ndi inu achemwali a Sellina,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Chinyonga. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwandisandutsa mlonda wa ku Namiwawa, majuzi awiri ndi chipewa usana wonse. Amayi, lamulo lanu ndamvera. Kalatayi ndalemba pamanja n'kuijambula pa foni, achemwali akakusindikizireni ku ofesi kwawo kuti muwerenge nokha ndi magalasi anu. Mwendo uja ukupwetekabe? Nanga chimanga cha kuseri kwa nyumba chilipo, kapena ana a aneba akuthandizani kale kukolola?

Ndili ndi nkhani! Anzanga a m'kalasi ananditengera ku zisudzo zawo zamakolo zimene amazitcha kabuki. Achemwali, ndinaiwala kutseka pakamwa. Siteji imazungulira yokha, nyumba n'kusanduka nkhalango inu mukuona. Panatulukira bambo wina nkhope yopakidwa zoyera, mizere yofiira kuchokera m'maso mpaka m'makutu. Nkhani itafika pokoma anangouma gwa, dzanja m'mwamba, diso limodzi litayang'ana mphuno, wina pambali akumenyetsa timatabwa pansi. Anthu aulemu aja, amene m'sitima satsokomola n'komwe, anayamba kufuula maina ngati chigoli chalowa ku sitediyamu.

Potuluka ndinalowa m'kashopu kogulitsa zithunzi za anthu a zisudzo omwewo. Si za kamera ayi, n'zodinda ndi matabwa. Wojambula amajambula papepala lopyapyala, pepalalo amalimata pathabwa nkhope itayang'ana pansi, wosema n'kugoba paliponse kusiya mizere yokha. Akapaka inki amaikapo pepala loyera, n'kumalitikita kumsana ndi kanthu kozungulira kokutidwa ndi tsamba la nsungwi. Mtundu uliwonse uli ndi thabwa lake. Tsitsi la munthu amalisema limodzilimodzi! Akuti kale anthu ankagula zithunzizi monga mmene ife timagulira kalendala ya timu ya mpira.

Mwini shopuyo, mayi Morita, amaphunzitsa kusema Lamulungu masana. Ndalembetsa. Chala chimodzi ndachicheka kale, koma musadandaule, msewu ndidzamangabe ndi zala zotsalazo.

A Joseph, anzanga a ku Zomba amene amaliza maphunziro awo, akubwera kumeneko sabata yamawa. Ndawapatsira juzi ya amayi, tiyi wa achemwali, ndi nsalu ya Hilda wanga. Iye wandiuza kuti akukusokerani diresi ya Pasaka, amayi, ndiye musamuvutitse ndi zoti ikhale yofika kuzidendene. Amalume a Eliot ndawatumizira chithunzi chimodzi chokulungidwa m'katoni yaitali. Za chimenecho sindinenapo kanthu. Akangochiona adziwa okha chifukwa chimene ndasankhira iwo osati wina aliyense.

Mawa tikupita kumapiri kukaphunzira mmene amaboolera phiri kuti msewu udutse. Tikakhala kumeneko mpaka pakati pa Epulo, ndiye ndikachedwa kuyankha musandiyese wakufa.

Ndine mwana wanu,
Kingstone


Limbe
17 Marichi

Kwa Kingstone, mwana wa mlongo wanga,

Landira moni kuchokera kwa ine malume wako ndi onse a pakhomo pano. Kushedi ntchito ikuyenda, kungoti matabwa a mlombwa akusowa.

Katundu uja a Joseph anandipatsa m'manja. Nditatambasula ndinavula chipewa, ndinakhala pa benchi, ndipo anyamata ndinawauza kuti azimitse makina. Ndamva, mwana wanga. Sunafunike kulemba liwu. Ine ndili ku Bulawayo kalelo, ndinatumiza chithunzi cha mayi a kunyumba kwa amalume anga ku Chikwawa popanda kalata, iwo anadziwa chochita. Mkulu wako Chester ali ku Joni anachita chimodzimodzi kwa ine, lero ali ndi ana atatu. Pamtundu pathu mnyamata akatumiza nkhope ya mkazi kwa malume wake ndiye kuti wanena zonse. Ndanyadira kuti sukulu sinakuiwalitse mwambo.

Mkaziyo ndamuona bwinobwino. Waima pa chipale chofewa atanyamula ambulera, akucheuka ngati wina wamuitana. Khosi lalitali, maso aulemu oyang'ana pansi, ndipo pachipumi wavala kaduku ka mtundu wa pepo, kusonyeza kuti analeredwa. Chondidetsa nkhawa ndi kamwa. N'kakang'ono kwambiri. Amadya mwana ameneyu? Komanso wayera mopitirira, mwina magazi ndi ochepa, koma zimenezo amayi ako adzakonza ndi masamba.

Mayi a kunyumba anafunsa kuti bwanji si chithunzi cha kamera. Ndinawayankha kuti makamera onse a dziko lapansi amachokera kumeneko, ndiye munthu akasiya kamera n'kukafuna wojambula pamanja, ndiye kuti nkhaniyo si yamasewera. Ndachipangira fulemu ya mlombwa womaliza umene ndinasungira tebulo la abusa.

Tsopano undiyankhe izi. Dzina lake ndani, pakuti zolemba za pambali pakezo palibe wotha kuziwerenga mu Limbe muno. Amapemphera mpingo wanji? Malume wake ndani, ndipo amamva Chingelezi? Ngati kukufunika kuti ndikaonekere ndekha, usaope, suti ilipo ndipo ndege sindiyiopa.

Chimodzi chokha chandilemera mumtima. Mwana wa eni ake uja, Hilda wa makina osokera, wamuuza? Zaka zinayi wakhala akulowa m'nyumba ya mlongo wanga ngati mwana wa momwemo. Ine ntchito yanga ndi kupita kumene wandituma, koma munthu samusiya ngati mmene timasiyira minibasi pa siteji.

Ndine malume wako,
Eliot


Sunnyside, Blantyre
2 Epulo

Iwe Kingi,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino, koma ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu. Tonse tili bwino. Mwendo wa amayi wachira wokha chifikire chithunzi chija, akuyenda ngati mtsikana.

Foni yako yatani? Ndaimba mpaka chala kutentha. Ndikulemba ino mabwana atapita ku nkhomaliro, ndiye uwerenge mofulumira mmene ndikulemberamu.

Kunyumba kwasanduka msika. Amalume anabwera ndi chithunzi chili m'fulemu, atachikulunga m'chitenje ngati khanda. Amayi anachikhoma pabalaza, pakati pa chithunzi cha ukwati wawo ndi kalendala ya kumpingo. Amayi a chigwirizano abwera kale kawiri kudzaona "mpongozi wa ku Japan". Wina akuti adzabereka ana a tsitsi lofika m'chiuno, wina akufunsa ngati angatitumizire galimoto pamtengo wachibale. Amayi akuphunzira kuwerama mmene amachitira anthu a kumeneko, dzulo anagunda mutu pa kabati. Amalume akafunsa kale za pasipoti. Ine ndinanena kuti tidikire kaye mwini wake alankhule, anandiyankha kuti ndine wa maofesi, za mwambo ndizisiye. Ndisaname, nanenso ndinayamba kuganiza za chovala cha pa ukwati.

Koma tamvera tsono. Lachisanu Loyera Hilda anabwera ndi diresi ya amayi, ataisita bwino, yofika kuzidendene monga anafunira. Ndinathamanga kuti ndichotse chithunzi, koma msomali wa amalume ndi wa amalume. Analowa, anapereka moni atagwada, maso n'kugwera pakhoma.

"Chokongola," anatero. "N'cha kuti chimenechi, amayi?"

Amayi anayang'ana ine. Mayi wina wa chigwirizano amene anali pampando akumwa tiyi ndiye anayankha, pakamwa pali sikono: "Aaa, simunamve? Ndi mkazi wa Kingstone ameneyo. Anatumiza kwa amalume ake."

Kingi, mwana uja sanalire. Anaima n'kuyandikira chithunzicho, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Chovala chake anasoka bwino." Anawayesa amayi diresi, anakonza phewa limodzi ndi singano, n'kutsanzika. Nditamuperekeza pa msewu anandifunsa funso limodzi lokha, kuti kodi n'zoona kuti chinapita kwa amalume. Mwambo wathuwo amaudziwa, paja za Chester anaziona.

Amayi atavala diresi ija pa Pasaka analira m'tchalitchi, anthu n'kumayesa kuti ulaliki wawakhudza. Akuti mpongozi wa ku Japan amulandira, koma Hilda amamukonda. Nanenso ndili pomwepo. Yankha msanga, munthu iwe!

Mlongo wako,
Sellina


Limbe
7 Epulo

Kingstone,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndili bwino.

Kalatayi ndapatsa achemwali ako kuti akutumizire, chifukwa nambala yako ndaitseka ndipo sinditsegulanso. Nsalu ija ndinalandira, zikomo. Ndinkati ndisokere diresi yodzakulandirira ku Chileka. Ndaibweza kwa amayi ako isanadulidwe.

Mkazi wako ndamuona. Sindikunena kanthu koipa za iye, sakundidziwa. Chondipweteka n'chakuti ndamva kwa mayi wodya sikono, pamaso pa anthu, ine nditanyamula diresi ya amayi ako m'manja.

Azakhali anga a ku Mocuba, kutsidya kwa malire, akhala akundiitana kuyambira chaka chatha kuti ndikayendetse shopu yawo yosoka. Agogo anachokera komweko, ndiye sindikupita kuchilendo. Ndinkawakana chifukwa cha iwe. Tsopano ndawavomera. Ndimalize madiresi a ukwati amene ndinalandira kale, ndipo kumapeto kwa Meyi ndikwera ya ku Muloza ndi makina anga.

Uzivala zofunda, paja chifuwa chako sichichedwa.

Hilda


Osaka
19 Epulo

Amayi, amalume, achemwali,

Moni nonse, koma za moyo tifunsana bwino tsiku lina. Mayo ine! Foni yanga inagwera m'madzi a mkati mwa phiri sabata yoyamba yomwe, ndipo ndakonzetsa lero nditabwerera mu tauni. Makalata atatu alowa nthawi imodzi. Ya amalume ndinaseka mpaka kugwa pampando. Ya achemwali ndinasiya kuseka. Ya Hilda ndawerenga nditakhala pansi pa simenti.

Tamverani bwino, ndipo achemwali muwerenge mokweza kuti ndi aneba omwe amve. Munthu ali pakhomayo si mkazi wanga. Si mkazi wa munthu aliyense. Si mkazi n'komwe! Ndi mwamuna, ndipo anamwalira kalekale agogo a agogo asanabadwe.

Mu zisudzo za kabuki akuluakulu a kale analetsa akazi kukwera pa siteji, ndiye mbali za akazi amasewera amuna mpaka lero. Alipo amuna amene moyo wawo wonse amaphunzira kuyenda, kucheuka ndi kulira ngati mkazi. Tsiku lija ndinaonera mmodzi, holo yonse inalira naye, ine ndemwe, kenaka mnzanga anandinong'oneza kuti ndi bambo wa zidzukulu. Kaduku kapepo kamene amalume akayamikirako si ka ulemu ayi. Amuna a nthawi imeneyo ankametedwa patsogolo pa mutu, ndiye wosewera ngati mkazi ankabisa mpalapo ndi kansalu kameneko. Zolemba za pambalizo ndi dzina la bamboyo.

Amalume, ndinasankha inu pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndinu munthu wa matabwa, ndinkafuna muone mmene mpeni ungatulutsire tsitsi m'mtengo. Chachiwiri, Khirisimasi iliyonse amayi amatisimbira za sewero la achinyamata ku Chikwawa, mmene munavalira chilundu chawo ndi duku, malalanje awiri pachifuwa, n'kusewera mkazi wamasiye mpaka agogo analira osakuzindikirani. Ndinkati mukaona mnzanu wa ku Japan museka. Za mwambo wa chithunzi sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinali nditaledzera ndi matabwa.

Amayi, chotsani munthuyo pafupi ndi chithunzi cha ukwati wanu, bambo angadabwe kumene aliko.

Achemwali, ndagwira mwendo wanu. Pitani kwa Hilda lero lomwe, mumuonetse kalatayi. Ndayesa kumuimbira pa nambala ya mnzanga, akangomva mawu anga akudula. Ndilibe wina, sindinakhalepo ndi wina. Akakwera basi ya ku Muloza, ine misewu yonse imene ndikuphunzira kumangayi ndidzayendapo kupita kuti?

Kingstone


Sunnyside
28 Epulo

Kingi, mlongo wanga wopusa,

Tili bwino, nthiti zokha ndi zimene zikupweteka. Kalata yako ndinawerenga mokweza monga unanenera, amalume ali pomwepo atavala suti, chifukwa amachokera kojambulitsa zithunzi za pasipoti. Nditafika poti ndi mwamuna, amayi anati, "Bwereza." Ndinabwereza. Anaimirira, anakayang'anitsitsa pakhoma, n'kuti, "Ndiye ndakhala ndikuweramira mwamuna mnzake wa Eliot?" Ine ndinagwa pansi. Amalume anapukuta magalasi awo kangapo, kenaka anati, "Manja aja ndinawakayikira." Bodza, sanakayikire kanthu.

Kwa Hilda ndinapita tsiku lomwelo. Anawerenga kalata yonse phazi lili pa makina, n'kundibwezera foni. "Achemwali," anatero, "amuna ena akagwidwa amati ndi msuweni. Ena amati ndi wa kuntchito. Koma zoti ndi mwamuna womwalira, ameneyu yekha ndiye wafika nazo patali."

Nditawauza amalume, anati moto anayatsa ndi iwo, akazima okha. Loweruka anatseka shedi, ananyamula chithunzi chija, tinatsikira limodzi kumsika wa Limbe. Mu shopu munali makasitomala atatu. Amalume anafotokoza za kaduku ndi mpala, Hilda osadzutsa mutu. Kenaka anangotola chitenje pa tebulo, kudzikulunga pamwamba pa suti, china kumutu, n'kutenga ambulera ya kasitomala. Kingi, ukanaona! Bambo wa imvi uja anafupika, mapewa anagwa, anayenda timasitepe ting'onoting'ono mpaka pakhomo, n'kucheuka ndendende ngati wa pachithunzi uja. Kenaka anayamba kulira maliro a mwamuna wake ndi mawu aang'ono. Mayi wina wogulitsa tomato panja anathamangira mkati kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Hilda anayesa kudzigwira, koma anaseka mpaka kugwetsa mapini.

Ndinati basi zatheka. Koma atapukuta misozi ananena mawu awa, ndipo ndikulemba mmene anawanenera.

"Amalume, ndakhulupirira. Ndi mwamuna. Koma tsiku lija pabalaza ndinaphunzira chinthu. Munthu wa papepala anafika Lachitatu, pofika Lamulungu anali ndi fulemu ya mlombwa, malo pakhoma, ndi nkhoswe yokonzeka kukwera ndege. Ine zaka zinayi, nkhope yanga sinafikepo m'manja mwanu. Ndimangomva kuti ndikabwerako, ndikamaliza, zikakhala bwino. Azakhali ndawalonjeza kale."

Amalume anavula chitenje mwakachetechete, n'kuchipinda bwinobwino. Tili m'minibasi anangoti, "Mwanayu sakunama."

Nanenso ndikuti sakunama. Wayamba kale kulongedza ulusi m'makatoni. Ine mbali yanga ndachita, amalume avina mpaka pamsika. Zotsalazo n'zako.

Sellina


Osaka
15 Meyi

Okondedwa amalume,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha zimene munachita kumsika. Sindidzaiwala. Apatseni moni mayi a kunyumba.

Kalatayi ikubwera ndi katoni ina yaitali, ndaitumiza pa ndege ya katundu wachangu kuti ikupezeni msanga. Nthawi ino ndilemba mawu, kuti pasakhalenso wopita kukajambulitsa za pasipoti.

M'katimo muli nkhope ya Hilda. Ndaisema ndekha. Zithunzi zake za kamera ndili nazo zambiri m'foni, koma munanena nokha kuti munthu akasiya kamera ndiye kuti nkhaniyo si yamasewera. Mayi Morita nditawafotokozera zonse anaseka mpaka kukhosomola, kenaka anandipatsa thabwa lawo labwino ndi kiyi wa chipinda chosemera. Ndakhala ndikupita tsiku lililonse ndikaweruka. Matabwa ndi awiri okha, lakuda la nkhope ndi lachikasu la diresi imene anavala tsiku limene ndinamuona koyamba. Ndinalibe nthawi yojambula papepala n'kumata, ndinangojambula pathabwa pomwepo mmene ndimamukumbukira. Mayi Morita anapukusa mutu, koma anati ndipitirize. Mphuno inandivuta, ndipo zala zochekeka tsopano ndi zitatu.

Amalume, mkazi ndi ameneyu. Dzina lake mukulidziwa, mpingo wake mukuudziwa, ndipo malume wake a Clifton amakhala ku Bangwe, kosafuna ndege. Ndikukupemphani mukandifunsirire mbeta mwezi uno usanathe. Musakanene kuti ndikabwerako. Mukanene kuti chinkhoswe chichitike mu Ogasiti pa tchuthi changa, tsiku asankhe iwo.

Akakana, chithunzicho mumusiyire ndithu, apite nacho ku Mocuba.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Kingstone


Limbe
26 Meyi

Kingstone,

Moni. Tonse tili bwino, kungoti chiperoni chayamba msanga chaka chino.

Katundu anafika Lachinayi. Monga mmisiri ndikuuze zoona, mpeni wako ukadali mwana. Mphuno wapanga ngati chigwiriro cha kabati. Koma ndi Hilda, aliyense womudziwa sangafunse. Fulemu ndinachotsa kwa bambo wa ambulera uja, iye ali m'katoni pansi pa bedi, apume.

Dzulo ndinavala suti, ndinatenga mkulu mmodzi wa kumpingo, tinakwera ya ku Bangwe. A Clifton anatilandira bwino. Nditanena chimene tabwerera, ndinatulutsa chithunzi n'kuchipereka ndi manja awiri. Anachiyang'ana, anaitana akazi awo, nawonso anachiyang'ana. Kenaka a Clifton anati, "Pepani akuluakulu, mwina mwasochera nyumba. Mwana wathu chipsera chake chili pamwamba pa nsidze ya kumanzere, anagwa pa njinga ndili pomwepo. Uyu chake chili kumanja. Tinamva kuti mnyamata wanu ali ndi chizolowezi chotumiza nkhope za anthu ena."

Mwana wanga, thukuta linandituluka m'chiperoni. Nkhani ya bambo wa ambulera inafika ku Bangwe ife tisanafike. Ndinafotokoza kuti chodinda chilichonse chimatuluka motembenuka, ngati chidindo cha ku ofesi, ndipo n'chifukwa chake eni ntchito amamata pepala chozondotsa. Iwe unadumpha pamenepo. A Clifton anati zimenezo amva, koma munthu wofuna mkazi ayenera kudziwa mbali imene kuli chipsera chake. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena ayi, nkhope yawo ndi yovuta kuwerenga.

Anamuitana Hilda. M'khonde munali makatoni omangidwa kale ndi zingwe, makina atakulungidwa m'bulangete. Anagwada, anapatsidwa chithunzi, ndipo anachiyang'anitsitsa. Kenaka anapempha kuti alowe nacho kuchipinda. Tinadikira mpaka tiyi anazizira. Atatuluka maso anali ofiira, chithunzi anachisiya mkati, ndipo anauza amalume ake kuti yankho apereka yekha kwa mwini wake, ife tidzamva pambuyo.

Ndiye ndabwerako wopanda inde, wopanda ayi. Amayi ako sakudya. Basi yake ndi ya Lachisanu.

Malume wako,
Eliot


Bangwe
29 Meyi

Kingstone,

Uli bwanji? Zala zatsala zingati?

Nambala yako ndatsegula, koma usaimbe kaye, ndikufuna uwerenge izi mpaka kumapeto osandidula mawu monga umachitira.

Choyamba, mphuno imeneyo si yanga. Ukadzabwera udzaikonze. Chachiwiri, diresi yachikasu ija inali ndi kolala yozungulira, iwe waika ya makona. Munthu wofuna kukwatira telala aziyang'ana zinthu zimenezi.

Tsopano za chipsera. Ku Bangwe kuno nkhani ndi imeneyo, aliyense akuti walakwitsa mbali. Amalume a Clifton akuti akakulipiritsa nkhuku pa chinkhoswe. Nditalowa nacho kuchipinda tsiku lija ndinali ndi mtima woti ndikachibweze. Ndinakhala pabedi, kutsogolo kwanga kuli kalilole amene ndinali ndisanamulongedze. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana kalilole. Chipsera chinali mbali imodzimodzi.

Kingstone, anthu onse amandiona chipsera chili uko, makamera omwe. Ine ndekha ndi amene ndimachiona chili uku, m'mawa uliwonse ndikamamanga duku. Nkhope imene watumizayi ndi imene ndimaidziwa ine, ndipo palibe anandionetsapo chibadwire. Ndikudziwa kuti sunachite dala, unangopupuluma monga mwa nthawi zonse. Koma ndinalira mpaka ndinaopa kudonthezera pepala lako.

Azakhali ndawaimbira. Akalipa, kenaka afunsa mtundu wa nsalu ya chinkhoswe. Makina ndamasula m'bulangete. Nsalu ija ndakaitenganso kwa amayi ako, ndipo ndawapeza atakhoma kale msomali watsopano pabalaza, akuti ukudikira ine. Ndawauza kuti chithunzichi sichichoka kuchipinda kwanga, ngati akufuna chawo uwadindire china, paja thabwa ulinalo. Atamva zimenezi anadya mbale ziwiri.

Bambo wa ambulera uja ndawapempha amalume ako kuti andipatse. Ndimukhoma mu shopu. Chovala chake anasokadi bwino, ndipo pa anthu onse a m'nkhaniyi ndi yekhayo amene sanalakwe kanthu.

Uwauze amalume ako kuti yankho ndi inde. Loweruka lachiwiri la Ogasiti. Ukachedwa ndi tsiku limodzi, ndikwatiwa ndi wa ambulerayo.

Tsopano ukhoza kuimba.

Wako,
Hilda